Tiyi wa ku Thyolo sabisa munthu

Ine ndinakulira kalongonda, n'chifukwa chake moto ndinkaukhulupirira kuposa dokotala. Nyemba zimenezi ukadya zosapsa, mutu umazungulira ngati waledzera, koma agogo ankaziphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, mpaka ululu wonse utatha. Ndiye ngati moto umagonjetsa kalongonda, soseji ndi ndani?

Sosejizo ndinagula pa Luchenza, mtengo wogwetsa. Deti yapapaketi inali itadutsa ndi masabata awiri. Usiku magetsi anazima, ndipo pofika m'mawa paketi inali itafufuma ngati chule wokwiya. Mayi akunyumba ananunkhiza n'kubwerera m'mbuyo.

"Abambo, izi n'zoekisipaya. Katayeni kudzala."

"Amayi, ndalama sataya kudzala. Yatsani mbaula."

Ndinaziwiritsa kaye, kenako n'kuzikazinga mpaka zinada bii. Ndinadya zisanu, ana akungondiyang'ana, poti mayi awo anawaletsa. Nditapukuta pakamwa ndinakwera minibasi ya ku Limbe, nditavala suti yanga ya kutchalitchi.

Tisanafike pa boma la Thyolo, m'mimba munayamba kulira ngati chigayo cha dizilo. Thukuta kamukamu. Gogo wina amene ananyamula nkhuku pambali panga anandifunsa ngati ndili ndi malungo.

"Kondakitala, ndisiyeni pompano!"

"Bwana, pano palibe siteji."

"Achimwene, imani, apo ayi mutsuka galimoto!"

Dalaivala anaponda mabuleki osafunsanso.

Apa m'pamene ndinadziwa kuipa kwa minda ya tiyi. Ukaiona uli m'galimoto ndi yokongola, yobiriwira mpaka kumapiri. Koma tiyi amamudulira kuti azilekeza m'chiuno, othyola asavutike. Ukanjuta, mutu umatsala pamwamba ngati dzungu. Ndinathamanga ndi kanjira kapakati kufunafuna mtengo, osaupeza, ndipo pamene ndinagonja n'kukhala pansi, amayi atatu a madengu kumsana anatulukira mzere wachitatu.

"Mwadzuka bwanji, abambo?"

Munthu woleredwa bwino amayankha moni. Ndinayankha, tayi ili paphewa.

Kuchipatala, adokotala anandimvetsera akudziluma mlomo kuti asaseke. Anati moto umaphadi tizilombo tambiri, koma tina, monga totchedwa Staphylococcus, timayamba tathira poizoni m'chakudya chimene chagona pofunda. Tizilomboto timafa, poizoniyo n'kutsala ali gwa, ngakhale madzi awire pa madigiri 100. Anati mpunga wogona nawo uli ndi kachilombo kake kotero, ndipo poizoni wa chuku cha mu mtedza ndi chimanga satheka ndi kukazinga.

Ndinawauza za kalongonda.

"Ululu wa kalongonda umapita ndi madzi amene mumataya aja. Soseji si kalongonda, bambo."

Ndinafika kunyumba madzulo pa kabaza, nditagwira mapaketi a Thanzi, suti ili m'jumbo. Mayi akunyumba anandilandira mwaulemu wonse, n'kugwada pakhomo.

"Abambo, zatsala zitatu. Ndiyatse mbaula?"