Ndinamiza boti pansi pa mtengo wa mango

Inde, n'zoona. Ndinamiza boti langa pabwalo, nyanja ili uko mamita 300. Mlamu wanga waifalitsa kale nkhaniyi kuchokera ku Senga Bay mpaka pa boma pa Salima, koma akuikometsera, akuti ndinkafuna kuweta chambo m'botimo. Bodza lenileni. Imvani kwa mwini wake.

Boti lija mukulidziwa, la aluminiyamu, la mamita 4, lomwe linakhala zaka litavundikiridwa kuseri kwa malo ena ogona alendo, abuluzi atalisandutsa likulu lawo. Nditangolifikitsa pakhomo, anyamata opanga mapoto anabwera kudzalizonda, maso awo akuwerenga kale kuti mutuluka mapoto angati a nsima ya pamaliro. Ndinawabweza.

Penti yakale ndinaipala ndi sandipepa milungu iwiri mpaka zala kufa dzanzi. Wina anati soda wopangira sopo amachotsa penti msanga. Amachotsadi, koma amadyanso aluminiyamu. Ndinayesa pakona, panayamba kuwira thovu, ine n'kutsukapo msangamsanga. Nzeru imeneyi mlamu wanga sakuitchula.

Kumbuyo kunali mng'alu wotalika ngati chala. Ndinaitana mnyamata wowotcherera mageti. Chitsulo chimayamba chafiira kukuchenjeza, koma aluminiyamu alibe ulemu umenewo, akafika madigiri 660 amangoti phwa ngati phala. Mng'alu wa chala unasanduka chibowo cholowa mbale ya ndiwo. Mnyamata uja anasuzumira m'chibowomo, n'kundiona ine mbali inayo, amvekere, "Bwana, chitsulo chanuchi n'chachilendo." Tinaikapo chigamba.

Tsono boti lotereli n'losokedwa ndi ma rivet, timisomali tolumikizira zitsulo, mazanamazana, ndipo akakalamba amakhwefuka, madzi n'kumalowera pamenepo. Kuti udziwe okhwefukawo, umaliika botilo pamwamba, kuthiramo madzi, iwe n'kugona kunsi kwake ndi choko, kumalemba paliponse pakudontha. Si misala yanga iyi, odziwa maboti amatero. Kungoti iwo amathira madzi ochepa, ongokwirira pansi. Ine ndinati ntchito yabwino ndi yodzaza.

Ndinalikhazika pa migolo iwiri yakale, n'kulemba ganyu ana a m'mudzi kuti azitunga ku mjigo, malipiro ake zitumbuwa. Zigubu za malita 20. Pofika chigubu cha 10 anthu anali atasonkhana. Agogo ena anaima ndi ndodo yawo, kundiyang'ana mwachifundo, nati, "Mwanawe, kwathu kuno madzi amakhala kunja kwa boti." Pa chigubu cha 25 abakha a apongozi anga anakwera m'botimo popanda kulipira. Tinalekeza pa zigubu 40. Amenewo ndi malita 800, kulemera kwake makilogalamu 800, chimodzimodzi matumba 16 a chimanga pa migolo iwiri yadzimbiri. Masamu amenewa ndinawachita madzulo ake.

Ndinalowa kunsi chagada, choko m'manja, mtima uli mbee. Dontho pamphumi, ndalemba. Dontho m'khutu, ndalemba. Pamwamba panga ndikumva mapazi a abakha akupalasa. Ndinali nditalemba malo 23 pamene china chake chinalira kuti kwee. Ndinati ndi bakha. Chinaliranso, ndipo bakha salira motalika choncho. Potembenuza khosi ndinaona mgolo wa kumiyendo ukugwada, pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mtsikana woleredwa bwino akupereka madzi osamba m'manja kwa alendo. Ndikukumbukira kuti ndinauyang'ana kaye. Ndinaganizanso zoulemba ndi choko.

Mmene ndinatulukira kunsiko sindikudziwa. Oona akuti ndinathamanga ndi zigongono ngati ng'azi, patapata mmodzi n'kutsala konko. Boti linapendekeka, madzi onse khuthu! Funde linanyamuka pabwalo kulowera kumunsi, abakha asanu ali pamwamba pake. Wotsogola sanakupize n'komwe mapiko, anangotukula khosi ngati Ilala ikulowa pa Nkhata Bay. Ndipo doko lawo linali mphasa zitatu za ufa woyera umene apongozi anayanika m'mawa womwewo, ufa wa mphale yomwe anaviika okha masiku angapo. Unasanduka phala la mudzi wonse, losakaniza ndi mchenga, nthenga ndi patapata wanga, yemwe anafika mochedwa.

Bwalo lonse linati zii. Kenaka agogo aja anakhala pansi kuti aseke bwino.

Ine pamudzipa ndine mkamwini. Apongozi anatuluka, kuyang'ana ufa, kuyang'ana abakha, ine osandiyang'ana. Anaitana mwana wawo, n'kulankhula motsitsa koma momveka mpaka kumsewu: "Kawafunse bambo a kwanuwo. Ngati nyanja yasamukira kuno atiuze, tichotse nkhokwe."

Ine sindikukana mlandu. Chimanga ndinagula, chigayo ndinalipira. Koma tinene chilungamo, munthu ukuona zigubu 40 zikulowa m'boti kumtunda kwako, ufa n'kuusiya pomwepo? Funso limeneli ndinangolifunsa mayi a kunyumba usiku, iwo n'kutembenukira kukhoma. Komanso chigamba chija sichinadonthe ngakhale dontho limodzi, umboni ulipo, kungoti palibe akufuna kuumva.

Chondiwawa n'chakuti matope anafufuta choko yense. Malo 23 aja sindikuwadziwanso. Ndiyenera kuthiramonso madzi, koma ana akweza mtengo, akuti zitumbuwa ayi, akufuna ndalama, ndipo apongozi akuti ndiziwadziwitsa kutatsala masiku awiri.

Boti likadali pansi pa mango pomwepo, mbali ina yaphwanyika pang'ono. Bakha wina waikiramo mazira, ndiye sindingalisunthe pakadali pano. Opanga mapoto anabweranso Lachiwiri, mtengo atsitsa. Ndawauza kuti ndiganize kaye, mwina mwera ukatha.