Ndatsimikiza pa .470, ngakhale mtima unatsalira pa .450/400

Loweruka lapitali ndinaomba mfuti zitatu zimene ndinkasankhapo, .450/400, .470 ndi .500, tsiku limodzi, ndipo lero Lachitatu phewa lakumanja lidakali lotupa, chala chapakati chili ndi pulasitala. Koma nkhani imene yandizunguza mutu miyezi 7 yatha tsopano, ndikugula dabulo, mfuti ya mipope iwiri, ya .470 Nitro Express.

Chilakolako cha mfuti ya mipope iwiri chinachokera kwa agogo anga aamuna. Iwo anachoka ku Dedza nthawi ya Federation, anagwira ntchito mu kampu ya alenje ku chigwa cha Zambezi, poyamba kuphika ndi kutunga madzi, kenako kunyamula mfuti ya bwana m'tchire. Tili ana ku Mufakose ankatikambira za mfuti imeneyo madzulo, ankaitcha ya mphuno ziwiri, ndipo ankationetsa ndi manja momwe umaithyolera pakati makesi awiri, zotsalira za zipolopolo zoombedwa, n'kulumpha kudutsa paphewa. Iwo sanaiombepo ngakhale kamodzi. Ine pano ndili ndi .375 H&H ya bolt imene ndikuphunzirira za learner, laisensi yoyamba ya mlenje wotsogolera alendo, imagwira ntchito bwino, koma si imene agogo ankanena.

Chimene chinandichedwetsa n'chakuti pa dabulo sungasankhe mfuti kaye n'kumadzaganiza za chipolopolo pambuyo. Mipope iwiri ija amaimatiriza pamodzi ku fakitale, amaomba, amasungunula, amasuntha kampheru kakang'ono kamene kali pakati, amaombanso, mpaka mabowo awiri akumane malo amodzi, nthawi zambiri pa mamita 50 kapena kupitirirako pang'ono. Ndiye zonsezo amachita ndi katiriji imodzi, kulemera kumodzi, liwiro limodzi. Ukaomba wa kumanja mfuti imakankhira m'mwamba ndi kumanja chipolopolo chidakali mumpope, wa kumanzere chimodzimodzi kumanzere, ndipo wopanga uja anawerengera kale kugwedezeka kumeneko. Ukaika katiriji yothamanga kwambiri chipolopolo chimatuluka msanga mfuti isanapatuke, mabowo amapingasana, la kumanja limapezeka kumanzere. Ukaika yaulesi amatalikirana. Pa .375 yanga ndikasintha zipolopolo ndimangopotokola sikopu basi, apa palibe chopotokola, chimene wasankha ndi chomwecho mpaka kalekale.

Poyamba ndinkafuna kungotenga dabulo ya .375 H&H kuti ndizigwiritsa zipolopolo zimene ndili nazo kale. Mdala amene amandiphunzitsa, munthu amene wasaka m'chigwa zaka zambiri, anangopukusa mutu n'kutulutsa makesi awiri m'thumba. Ya .375 ili ndi kalamba kumbuyo koma ilibe mkombero wotuluka kunja, Holland & Holland anaipangira mfuti za bolt mu 1912. Ya .470 ili ndi mkombero wotakata, chokokera chimaigwira ngati dzanja pa chivundikiro cha poto. Madabulo a .375 ya kalamba alipo ndithu ndipo ambiri amagwira, koma amadalira kachitsulo kakang'ono ka sipuling'i kuti kalowe mu kangalande ka kesi, ndiye iwo anati, "mwana wanga, ukathyola mfuti njati ili apo, sufuna kuti moyo wako ukhale pa kasipuling'i." Chachiwiri ndi puresha. Makesi a Nitro Express ndi aakulu dala, anapangidwa nthawi ya cordite, wonga umene unkakwera mphamvu kukatentha, ndipo amene anafikako ku Chirundu mu Okutobala akudziwa kuti chitsulo cha mfuti chimaotcha m'manja. Kesi yaikulu ya puresha yotsika simamatira mu chemba. Nkhani ya .375 inathera pomwepo.

Kenako inali 9.3x74R ya ku Germany, chifukwa madabulo ake ndi opepuka komanso mtengo wake umafikirika. Imeneyi anaichotsa pa mndandanda ndi mwana wanga wamkazi, wa Form 3, pa tebulo la kukhitchini. Malamulo a Parks, bungwe loyang'anira nyama zakutchire kuno ku Zimbabwe, amati pa njovu, njati ndi mvuu chipolopolo chisachepere 9.2 mm ndipo mphamvu yake pakamwa pa mpope isachepere ma joule 5,300. Ndinamupatsa manambala iye n'kumawerengera pa kakyuleta yake ya kusukulu, theka la kulemera kuchulukitsa ndi liwiro, n'kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo. Ya 9.3x74R, chipolopolo cholemera 286 grain pa liwiro la mafiti pafupifupi 2,360 pa sekondi, inatuluka cha m'ma 4,800. Kunenepa ikukwana, mphamvu ayi. Ya .470, 500 grain pa 2,150, inafika pafupi ndi 7,000. Ya .500, 570 grain pa liwiro lomwelo, pafupi ndi 7,900. Ndiye tinafika pa .450/400 imene ine ndinali nditaikonda kale, 400 grain pa 2,150 ikupereka cha m'ma 5,560, yadutsa, ndinasangalala. Koma nditayang'ana pa bokosi la Hornady, amene ndi amodzi mwa ochepa amene amaipanga masiku ano, palembedwa 2,050. Anawerengeranso. 5,060. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "adadi, iyi yalephera," ndipo ine ndinamuuza abwerezenso kawiri, yankho linali lomwelo.

Si kuti .450/400 ndi yofooka ayi. Kampani ya Jeffery ya ku London inaitulutsa mu 1902 ndipo .375 isanatchuke inali mfuti ya aliyense kuno ku Africa ndi ku India, yapha njati zosawerengeka. Njati sidziwa kuwerenga ma joule. Koma ine ndikufuna laisensi, ndidzayenda ndi ma ranger a Parks, sindikufuna kudzakangana ndi munthu m'tchire pa nkhani ya mafiti 100 pa sekondi. Palinso msampha wina kwa amene akuifuna, ilipo mitundu iwiri, ya mainchesi 3 ndi ya mainchesi 3¼, makesi ake ndi osiyana ndipo salowana, yang'anani bwino zimene zadindidwa pansi pa mipope musanapereke ndalama.

Ngakhale zinali choncho ndinkafunabe kuziomba ndekha, chifukwa pepala silimva kuwawa. Mdala anabwereka .450/400 ndi .500 kwa anzake, ya .470 ndi ya mkulu wina amene akusiya kusaka ndipo akuigulitsa, ya ku Germany, tinaiika pa sikelo inakwana makilo 4.8. Tinafika ku renji m'mawa kusanatenthe, chandamale pa mamita 50, kuomba chiimire mfuti itatsamira pa ndodo zitatu zomangidwa pamodzi. Pa benchi mfuti zimenezi musayerekeze, thupi limasowa kothawira ndipo nkhonya yonse imathera pa fupa.

Tinayamba ndi .450/400. Abale inu, mfuti yokoma. Imakankha ngati munthu wamkulu akukusuntha pa mzere, osati kumenya. Ndinakoka trigger yakutsogolo, mpope wa kumanja, mfuti inakwera pang'ono n'kubwerera yokha pa chandamale, chala chinatsetserekera pa yakumbuyo ndisanaganize n'komwe. Mabowo awiri, pakati pake polowa zala ziwiri. Ndinaombanso awiri, chimodzimodzi. Pamenepo ndinayamba kudziuza kuti mwina ndikhoza kumadzipakira ndekha zipolopolo zofika 2,150, koma ndinakumbuka kuti mfuti ikakhala kuti anaikonzera za 2,050 ndiye mabowo aja ayamba kupingasana.

Ya .470 ndi nkhani ina. Imakudzutsa, mipope imakwera mpaka chandamale kusowa, umayenera kuitsitsanso wekha. Koma kulemera kwake kumathandiza, ndipo matako ake anandikwana bwino paphewa ndi patsaya. Awiri oyamba anagwa motalikirana zala zinayi, onse mkati mwa chakuda.

Kenako .500. Ndinene chilungamo, mumtima ndinkaifuna chifukwa cha dzina, alenje ambiri akuluakulu amanyamula imeneyo potsata njovu m'zitsamba zothinana za jesse. Woyamba unalowa bwino koma chitsulo chotchinga trigger chinandimenya chala chapakati khungu n'kusupuka, m'mutu munalira. Wachiwiri sunakhudze n'komwe pepala. Mdala sanalankhule kanthu, anatenga .470 ija, anandiuza nditembenuke, anaika zipolopolo yekha n'kundipatsa yotseka. Ndinaloza, ndinakoka. Kunangomveka kuti tha, mu chemba munali dummy, chipolopolo chabodza chosaomba, koma ine maso ndinali nditatsinzina ndipo mipope inali itagwa pansi pafupifupi chikhatho chathunthu. Ndinaziona ndekha chifukwa panalibe phokoso lobisa. Iwo anati, "waona? Mantha amenewo wawatenga ku .500, zipolopolo ziwiri zokha. Ukaigula udzakhala nawo tsiku lililonse." Tinakhala pansi pa mthunzi, tinamwa tiyi wa mu fulasiki, anandipangitsa kukoka ma dummy kokwana 20 akundiyang'ana m'maso, kenako anandipatsa zenizeni ziwiri. Zinabwerera mu chakuda.

Zimenezi zandikhudza kwambiri chifukwa phindu lonse la dabulo lili pa mpope wachiwiri. Munthu umalipira ndalama yogulira galimoto kuti ukhale ndi mfuti ziwiri pa thupi limodzi, chilichonse ndi loko yake ndi trigger yake, kuti woyamba ukalephera wachiwiri ulipo pompo osakoka bolt. Ngati wachiwiriwo ukupita m'mwamba chifukwa woyamba wakuzunguza, ndiye wagula chiyani? Bola kukhala ndi .375 yanga. Kwa wina wa thupi lalikulu amene anazolowera, .500 ndi yabwino, sindikutsutsa. Kwa ine malire anga ali pa .470, ndipo ngakhale pamenepo pakufunika ntchito.

China chimene chinakankhira ku .470 ndi kupezeka kwake. Mbiri yake ndi yosangalatsa. Rigby anatulutsa .450 Nitro Express mu 1898 ndipo inalamulira, mpaka cha m'ma 1907 boma la Britain linaletsa kulowetsa zipolopolo za .450 ku India ndi ku Sudan poopa kuti zigawenga zizizigwiritsa mu mfuti zakale za asilikali za Martini-Henry. Opanga mfuti aku London aliyense anathamangira kupanga yake ya mphamvu yomweyo koma kukula kosiyana, Holland & Holland .465, Westley Richards .476, ndipo Joseph Lang .470. Lang sanaiumire, analola aliyense kupangira mfuti, ndiye inafala kuposa zinzake. Kynoch atasiya kupanga zipolopolo za Nitro madabulo ambiri anangokhala m'makabati, mpaka Federal anayambanso kupanga .470 mu 1989. Lero Federal, Hornady ndi Norma onse amaipanga. Ndazungulira mashopu a mfuti muno mu Harare, ukafunsa .470 amati ilipo kapena ibwera, ukafunsa .450/400 kapena .500/416 ya Krieghoff amayamba kukamba za kuitanitsa ndi mapepala. Komanso mu kampu alendo akamabwerera kwawo amasiya zotsala, ndipo zambiri za dabulo zimene zimatsala ndi .470. Kungoti zotolazo uyenera kuziyesa kaye pa pepala, si zonse zimene zingagwirizane ndi mipope yako.

Mtengo wokha ndiye ukupweteka, chipolopolo chimodzi chikuposa mafuta amene ndimathira mu galimoto pa tsiku. Mayi a kunyumba ndawauza zonse, sindinabise, tagwirizana kuti bokosi limodzi la 20 lizitha miyezi itatu. Makesi onse ndikusunga. Mwini mfuti wandipatsanso mabokosi awiri otsala a mtundu umene wakhala akuombera zaka zonsezi, lina la soft, zimene zimaphwatalala zikalowa mu nyama, lina la solid, zolimba zosaphwatalala, ndipo ndinaonetsetsa kuti onse akugwa malo amodzi, chifukwa pa njati ndidzaika soft kumanja solid kumanzere, pa njovu solid konse.

Mmene zilili pano, ndapereka theka la ndalama, mfuti yatsala kwa dila mpaka satifiketi ya apolisi ituluke, mafomu ndinapereka Lolemba. Sefa yosungiramo mfuti ya kunyumba ndi yaifupi, mipope ya mainchesi 24 ikulowa pokhapokha nditaiphwasula, ndiye wowotcherera wa ku Mbare abwera kudzayeza. Ndaitanitsanso kalabala komata kuseri kwa chotchinga trigger kuti chala chisasupukenso. Podikira, mdala wandibwereka shotgun yake yakale ya mipope iwiri ya ma trigger awiri ndi ma dummy, wati madzulo aliwonse ka 30, kukweza, yakutsogolo, yakumbuyo, kuthyola, kuika ena osayang'ana pansi. Dzulo ndinafika 30 koma poika achiwiri ndinagwetsa kanayi, zala sizinazolowere kugwira awiri nthawi imodzi. Tibwerera ku renji kumapeto kwa mwezi ndi zipolopolo 6, ndipo ulendo uno akuti adzandiyeza ndi wotchi.