Kugula Stratocaster ya Eric Clapton: zimene ndinayang'ana ndisanalipire

Ndinayamba ndi kusankha mtundu, chifukwa magitala a Stratocaster a kampani ya Fender okhala ndi dzina la Eric Clapton, woimba gitala wa ku England, pamutu alipo angapo ndipo salira mofanana. Fender inayamba kuwapanga mu 1988 potengera Blackie, gitala yakuda imene Clapton analumikiza kuchokera ku zigawo za ma Stratocaster atatu a m'ma 1950. Oyambirira, mpaka cha mu 2001, ali ndi mapikapu (tizipangizo totola kulira kwa nsambo) a Lace Sensor, osalala pamwamba, opanda timitu ta maginito toonekera. Otsatira ali ndi a Vintage Noiseless. Palinso a Custom Shop, nthambi ya Fender yopanga magitala apadera, okwera mtengo kwambiri. Ine ndinasankha wa ku fakitale ya Corona ku California, wa Noiseless, wogwiritsidwapo kale ntchito.

Musanaikepo mtima, gwirani kaye khosi longa lake. Kumbuyo kwake kuli kamsana ngati V wofewa, osati kuzungulira kwa C kumene ambiri tinazolowera. Ngati mumakoleka chala chachikulu pamwamba pa khosi monga amachitira oimba blues, lidzakukhalani bwino m'dzanja. Ngati chala chachikulu mumachiika pakati kumbuyo, kamsanako kangakutopetseni. Mafureti, tizitsulo topingasa pa khosi, ndi 22, ang'onoang'ono achikale, pa thabwa la maple. Khosi silisinthidwa ndi kukonda woimba, choncho apa mpamene ambiri amagula n'kudzagulitsanso.

Chimene mukulipira kwenikweni chili mkati. Mabatani ozungulira ndi atatu ngati pa Stratocaster iliyonse, koma ntchito yake ndi ina. Loyamba ndi voliyumu. Lachiwiri, lotchedwa TBX, ndi losinthira kamvekedwe ka mawu: pa 5 limakakamira pang'ono pozungulitsa, kutsika apo limachepetsa mawu akuthwa, kukwera apo limawatsegula. Lachitatu limakweza mawu apakati mpaka madesibelo 25, ndipo ndilo limanenepetsa pikapu yopyapyala n'kukankha ampulifaya kuti iyambe kubangula. Mawu onsewa amadutsa pa kabolodi ka magetsi koyendera batire la 9V lobisika kumbuyo, pansi pa chivundikiro chapulasitiki cha masipuling'i. M'menemonso muli kachidutswa ka thabwa kotsekereza tremolo, chitsulo chogwira nsambo chimene chimagwedezedwa kuti mawu anjenjemere, kuti isagwedezeke, chifukwa Clapton saigwiritsa ntchito.

Kudziwa izi ndiko kunandithandiza kufunsa wogulitsa mafunso oyenera. Ndinapempha zithunzi za mutu kutsogolo ndi kumbuyo, za mkati mwa chivundikiro chija kuti ndione batire ndi kathabwa, ndi za pansi pa pickguard, chivundikiro chapulasitiki chakutsogolo, kuti ndione kabolodi ka magetsi ndi kumbuyo kwa mapikapu. Magitala ambiri ogulidwa kale anachotsedwa kabolodi kameneka kapena kusinthidwa mapikapu, ndipo ena ndi khosi la Clapton lomangidwa pa thupi la gitala ina. Nambala yake ya kufakitale imathandiza: akale amayamba ndi SE, SN kapena SZ malinga ndi zaka, atsopano amayamba ndi US kenaka manambala awiri a chaka. Ndinaifufuza pa tsamba la Fender la pa intaneti, koma sindinadalire iyo yokha, popeza opanga magitala abodza amakopera nambala yeniyeni. Ndinapempha kuti amasule masikuluwu anayi a khosi ajambule chidindo cha tsiku chimene chili pansi pake. Wogulitsa mmodzi anakana, ndipo ndinamusiya pomwepo.

Pemphaninso vidiyo. Aimbe fureti iliyonse, azungulitse batani lachitatu kuchoka pa 0 kufika pa 10 mukumva. Ngati mawu sakunenepa, kapena akuthetheka, mwina batire latha, mwina kabolodi kafa, ndipo muyenera kudziwa chimene chili musanalipire. Yang'anani mafureti asanu oyambirira pansi pa nsambo ya B ndi ya G. Mafureti ang'onoang'ono akakumbika sasiya chitsulo chokwanira kuwasalaza kangapo, ndipo kuika ena ndi ntchito yodula imene amisiri ake ndi osowa kwathu kuno.

Za kalipiridwe ndinena mwachidule. Masitolo a ku America ogulitsa Fender yatsopano kawirikawiri saloledwa kuitumiza kunja kwa dziko lawo, ndiye njira zimatsala ndi yogwiritsidwapo kale ntchito pa msika ngati Reverb, sitolo ya ku Johannesburg, kapena wachibale amene akubwera. Lipirani kudzera pa msika womwewo kuti pakhale pokadandaula, osati kutumiza ndalama kwa munthu mwachindunji. Ndipo funsani kubanki kwanu kaye malire a khadi lanu pa ndalama zakunja, gitala isakutsetserekeni muli mkati modikira.

Potumiza ndinalamula zinthu zinayi. Nsambo zimasulidwe pang'ono, osati kotheratu. Mutu ndi khosi zitsamiritsidwe ndi mapepala opindapinda kuti gitala isasunthe m'kesi yake mukaigwedeza. Batire lichotsedwe. Kesiyo ilowe m'katoni yolimba, yothinitsidwa pansi ndi pamwamba. Dziwani kuti makampani onyamula katundu amawerengera kukula kwa katoni, osati kulemera kokha, ndiye mtengo umaposa mmene sikelo ikunenera. A MRA amawerengera msonkho ndi VAT pa mtengo wa gitala kuphatikiza ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi, choncho sungani invoyisi ndi umboni wa kubanki. Musalole wogulitsa kulemba mtengo wotsika pa mapepala: ndi mlandu, komanso khosi likathyoka m'njira inshuwalansi idzalipira mtengo wolembedwawo.

Itafika sindinatsegule kesi tsiku lomwelo. Thabwa lochokera kozizira likakumana mwadzidzidzi ndi kutentha kwa October utoto umatha kung'ambika, ndiye ndinaisiya m'chipinda usiku wonse. Mawa lake ndinaika batire latsopano ndi nsambo za makulidwe a 10 mpaka 46, n'kuichuna, kenaka n'kuyeza khosi. Ikani kapo, kachipangizo kopanira nsambo zonse, pa fureti yoyamba, kanikizani nsambo yaikulu pa fureti yomaliza, muone mpata pa fureti ya 8: uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.25. Ukachuluka, mangani truss rod, chitsulo cha m'kati mwa khosi choliwongolera, ndi kiyi wa Allen wa 1/8 inchi, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kamodzi, n'kudikira. Kiyi wa mamilimita 3 amaoneka ngati akukwana koma amadya mano a nati, ndipo kukonza pamenepo n'kovuta kwambiri. Kutalika kwa nsambo pa fureti ya 17 kukhale cha pa mamilimita 1.6. M'chilimwe thabwa limauma n'kufupika, nsonga za mafureti zimayamba kukanda chala. Zimenezo si kuwonongeka, zimasalazidwa ndi tupa wamng'ono.

Mukatha kuimba, zulani chingwe ku gitala. Kulowetsa jeki ndiko kumayatsa kabolodi, ndipo chingwe chikagona momwemo batire limatha mwakachetechete. Likafooka mawu amachepa n'kuyamba kusweka, ndiye ine ndimasunga batire lina ndi sikuludiraiva yaing'ono m'kathumba ka m'kesi.