Zikomo nonse, Magnum ija yalira

Loweruka lapitali, cha m'ma 4 koloko madzulo, Dodge Magnum yanga ya 2006 inatuluka m'galaja ikuyenda yokha, popanda woikankha, patatha miyezi 19. Ena mwa inu munandimva ndikukuwa pafoni ngati wopenga. Lero mtima wakhala m'malo, ndiye ndati ndithokoze mwaulemu wake.

Kwa amene simukudziwa chiyambi chake: galimotoyi ndinaigula yakufa. Injini yake ya V6 ya malita 2.7 inagwira chifukwa mwini wake woyamba ankaiwala zosintha oilo. Munthu wanzeru akanapita kusikirapu, n'kugula ina yonga yomweyo, nkhani n'kutha. Ine ndinakakamira 440. Imeneyi ndi V8 ya Chrysler ya malita 7.2, imene inkapangidwa kuyambira 1966 mpaka 1978, ndipo mtundu wake waukali, uja ankaika mu Dodge Charger, unkatchedwa 440 Magnum, wa 375 horsepower. Magnum m'mimba mwa Magnum. Chifukwa china ndinalibe, musavutike kufunsa.

Oyamba ndi mayi a kunyumba. Nyengo zozizira ziwiri za kuno ku South Bend galimoto yanu inkagona panja, inu n'kumapala chipale pagalasi m'mamawa musanapite kuntchito, chitsulo chosayenda chili phee m'galaja. Ndalama za ulendo wakumudzi zinathera mu giyabokosi, ndipo munadziwa ngakhale sindinanene. Munangoti, "Bambo a ana, ikadzalira mudzandiitane." Yalira, amayi. Ulendo wa ku Thyolo ndi ngongole yanga, ndanena pagulu.

Kenako agogo a nyumba yoyandikana nafe, mzungu amene anakalambira pa sipana. Injiniyi inachokera mu motorhome yawo ya 1976, galimoto yokhala ngati nyumba, imene inali kuolera kuseri kwa nyumba. Ndinene zoona, si 440 Magnum yeniyeni. Za m'zaka zimenezo anazifooketsa pochepetsa kompuresheni, choncho tinaiphwasula yonse, kuika mapisitoni ena ndi kamushafuti yatsopano. Agogowa anandigulitsa pamtengo wa chisoni, koma chachikulu n'chimene anachita tsiku loyamba kuiliza.

Kamushafuti yachikale ikakhala yatsopano sumailola kulira pang'onopang'ono. Ikangolira umaikweza kupitirira 2,000 rpm kwa mphindi 20, uli ndi oilo wokhala ndi zinc, apo ayi imadyeka tsiku lomwelo. Ndiye tinaliza, ine phazi pamoto. Sipanathe mphindi ziwiri galimoto yonse inayamba kunjenjemera ngati ya malungo. Sipana ya 13 imene ndinasiya pa fenda inayenda yokha mpaka kugwa pansi. Ine m'mimba kuti myuu, ndati basi, ndamanga molakwa, ndalama zapita. Agogo aja anaika chikhatho pa fenda, kumvetsera pang'ono, n'kundikodola kuti ndizimitse. Funso lawo linali limodzi: torque converter, chija cholumikiza injini ndi giyabokosi, ndinagula ya injini ya chaka chiti? Apo m'pamene panagona nkhani. Ma 440 akale anali ndi kirankishafuti yosula imene imadzilinganiza yokha mkati, pamene a kumapetoku ali ndi yoyenga, yofuna zitsulo zolemetsa kunja, kutsogolo pa damper ndi kumbuyo pa converter. Ine ndinagula ya injini zakalezo, yopanda kanthu. Tinatsitsanso giyabokosi yonse chifukwa cha tizitsulo tosadzaza n'chikhatho chomwe. Akanapanda iwo ndikanaphwasula injini yabwinobwino kufunafuna vuto limene munalibe.

Achimwene anga owotcherera, amene munaphunzirira ntchito ku Ndirande musanabwere kuno, manja anu ndi ena. Injiniyi sinabadwire galimoto imeneyi, palibe bowo ngakhale limodzi limene linkagwirizana. Munapanga ma mounting kuchokera pa chitsulo chamba, mutayamba mwadula katoni kuyezera. Sampu, mbale yosunga oilo pansi pa injini, munaidula kawiri kuti ilambalale chitsulo chopingasa ndi chiwongolero, ndipo sikudontha ngakhale kadontho. Pamene giyabokosi ya TorqueFlite 727 inakana kulowa, munatenga hamala yaikulu n'kundiuza kuti ndikapange tiyi kuti ndisaone. Ndinamvera, ndipo pansi pa kapeti sindinasuzumirepo mpaka lero.

Ndinkaganiza kuti chovuta chidzakhala kulemera kwa chitsulo. Ayi ndithu, chinandiliza ndi mawaya. Galimoto za masiku ano zili ndi timakompyuta tambirimbiri tolankhulana pa mawaya awiri otchedwa CAN bus, ndipo ukachotsa injini, tonse timakhala ngati ana amasiye: dashibodi magetsi okhaokha, china chikudikira uthenga kwa chinzake chimene kulibe. Pamene 440 ingofuna petulo, mpweya ndi moto basi. Mphwanga, mwana wa alongo anga, iwe unakhala usiku ungapo chagada pansi pa chiwongolero, tochi kukamwa, laputopu pamimba. Ndiwenso unandikumbutsa kuti pampu ya mu thanki imakankha petulo mwamphamvu ya injection, pamene kabureta imafuna pafupifupi 6 psi yokha. Popanda regulator yochepetsa mphamvuyo bwenzi petulo atasefukira pa injini yotentha, ndipo nkhani ino ikanalembedwa ndi ozimitsa moto. Ndinkakuseka kuti makaniko wanji wosada m'manja. Ndabweza mawu.

Anzanga a kumpingo amene munabwera kudzakankha, amene munandibwereka chonyamulira injini kwa sabata imodzi ine n'kukhala nacho chaka, ndi inu amene munkangobwera ndi nsima ndi usipa n'kumandiseka, zikomo. Oseka inu munathandiza kuposa mmene mukuganizira.

Mmene ikuyendera? Ukaponda, kumbuyo kumakhala pansi, mawindo a aneba n'kumanjenjemera. Giyabokosi ili ndi magiya atatu okha, ndiye pamsewu waukulu imalira mokweza, ndipo petulo imamwa ngati pali chibowo. Kuntchito ndizipitabe pa Corolla. Getsi la ABS likadali loyaka, masipuling'i akutsogolo akufunika olimba chifukwa mphuno yagwa, komanso boneti sikutsekeka, air cleaner yatalika ndi zala zitatu. Pakadali pano bonetiyo ili pakhoma m'galaja. Ngati alipo wodziwa ntchito ya fibreglass kuno ku Indiana kapena ku Michigan, andipeze. Loweruka likubwerali kuyambira 2 koloko tili pakhomo, nyama ilipo, ndipo wofuna kukwera abwere ndi ya petulo.