Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tomigani ya agogo

Zikomo nonse amene munandilembera pambuyo pa gawo lapita lija. Sindinkayembekeza kuti nkhani ya green card, chiphaso chokhalira ku America, ingakhudze anthu ambiri chonchija, makamaka inu a ku Leeds ndi ku Johannesburg amene mapepala anu sanatulukebe. Limbani mtima. Komatu ambiri simunafunse za mapepala ayi. Maso anu anagwera pa chithunzi chija cha m'chipinda chapansi, pomwe pakona panaoneka bokosi lalitali lachitsulo. Mlamu wanga, amene m'kamwa mwake simugona nkhani, anayankha ine ndisanayankhe. Zoona, muli mfuti. Ndiye amayi ena analemba kuti, "Mkulu wa mpingo ndi mfuti, zikugwirizana pati?" Mayi, funso lanu ndalimva ndipo sindinakhumudwe nalo. Khalani pansi ndikufotokozereni bwinobwino.

Amene mwayenda nane kuchokera gawo 2 mukuwakumbuka agogo aamuna a ku Thondwe, aja anandilera mayi atapita kukagwira ntchito ku Limbe. Ndinakuuzani za fodya wawo wa chingambwe ndi mmene ankandidzutsira tambala asanalire. Za usilikali wawo ndinangodutsapo, chifukwa ndikayamba kulemba pamenepo manja ankandilemera.

Agogo anali a Keyala, King's African Rifles. Analowa usilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali mnyamata wosakwatira, ndipo sitima yapamadzi inawatenga ku Mombasa kupita nawo ku Ceylon, kenaka India, mpaka Burma. Mu 1944 gulu lawo la 11th East African Division, momwe munali anyamata a ku Nyasaland, Northern Rhodesia, Tanganyika, Kenya ndi Uganda, linatumizidwa kukalondola Majapani amene ankathawa atagonja ku Imphal. Anadutsa m'chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, chigwa chimene chinatchuka ndi malungo ndi matenda ena opha anthu, ndipo anakafika pa mtsinje wa Chindwin, pa Kalewa, mu Disembala. Zaka ndi mayina a malowa ndinachita kudzawerenga nditakula. Agogo sankanena zimenezo. Iwo ankanena za matope ofika m'maondo, za misundu yolowa m'nsapato, za nyulu zofera m'njira, ndi za chakudya chimene ndege inkaponya kuchokera kumwamba. Ndiponso ankanena za Tomigani, mfuti ya Thompson imene ankanyamula.

Madzulo tikamaotha moto, ankatenga mpini woguluka khasu, n'kuupanikiza m'chiuno, dzanja lamanzere kutsogolo. Kenaka dzanja lamanja ankalikweza pamwamba pa mpini uja, n'kukoka chinthu chosaoneka kubwera nacho kumbuyo, pakamwa akuti "khwacha!" Nkhope inkasintha nthawi yomweyo, ndipo ife ana tinkasiya kuseka. Ankati, "Mdzukulu wanga, Tomigani inali yolemera ngati mwana wobereka kumbuyo. Koma mwana umamutsitsa ukatopa. Iyo ayi." Usiku wina ankadzidzimuka kutulo akuitana mayina a anthu amene m'mudzi mwathu munalibe. Agogo aakazi ankawagwira paphewa, osalankhula kanthu, mpaka agonenso. Ine ndinkamva zonsezo ndili pamphasa panga, nditafunda chakumutu.

Anali ndi thiranki yobiriwira pansi pa bedi. M'menemo munali mamendulo awo, limodzi la Burma Star lokhala ndi kansalu kofiira pakati, kabuku kowatulutsira usilikali, ndi chithunzi chimodzi chokha: iwo atavala chipewa chopinda mbali imodzi, mfuti ili pachifuwa. Novembala aliyense ankapukuta mamendulo aja ndi phulusa, n'kukwera basi kupita ku chipilala cha asilikali ku Zomba. Kangapo konse anandiuza pamaso pa anthu kuti thirankiyo idzakhala yanga.

Anamwalira mu 2002, chaka cha njala ija. Uthenga unandipeza mochedwa ku sukulu ku Blantyre, ndipo pomwe ndinkafika ku Thondwe anthu anali akubwerera kuchokera kumanda. Sindinawaone nkhope. Ndinakhala pakhonde mpaka mdima, anthu akundipepesa, ine osamva kuti akuti chiyani. M'mawa mwake ndinalowa kuchipinda kwawo. Fungo la fodya linali momwemo, jekete yawo ili pamsomali. Ndinagwada n'kukoka thiranki ija, ndipo inabwera mopepuka. Ndisanatsegule n'komwe ndinadziwa. Loko anali atathyola. M'kati munangotsala nyuzipepala yakale imene ankayala pansi, ndi batani limodzi. Ndinaikutumula nyuzipepala ija, ndinaunika pansi pa bedi, ndinapisa m'matumba a jekete, kuganiza kuti mwina chithunzi chokhacho anachisiya. Kunalibe. Agogo aakazi anaima pakhomo akundiyang'ana, kenaka anati, "Usavutike, mwana wanga. Anatenga amalume ako, agogo ako akadali moyo, ali chigonere." Mawu akuti akadali moyo amenewo ndi amene amandipweteka mpaka lero. Ndiye kuti munthu wamkulu uja anamva loko akuthyoledwa pansi pa bedi lake lomwe, alibe mphamvu yodzuka.

Amalume, ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Mwakhala mukuuza anthu kuti munagulitsa zinthu zija kuti mugule chimanga. Zikanakhala choncho ndikanagwada n'kukuthokozani, chifukwa chaka chimenecho anthu ankadya zitsa za nthochi. Koma chimanga chimene chinapulumutsa agogo aakazi anatumiza ndi mayi kuchokera ku Limbe, ndipo mudzi wonse ukudziwa kumene inu munkagona sabata imeneyo. Nanga chithunzi, munachigulitsa zingati? Ndani akanagula chithunzi cha bambo a eniake? Bwanji simunachisiye?

Sukulu inatha, ntchito ya ku Kanengo, ukwati, ulendo wa ku Indiana, zonsezo munaziwerenga kale.

Tsiku lina mnzanga wa kuntchito, mzungu wokonda kusaka agwape, anandipempha kuti ndimuperekeze ku sitolo ya mfuti kuno ku South Bend. Ine ndinangopita kuti ndisamukhumudwitse. Iye ali kalikiliki kusankha zipolopolo, maso anga anagwera pakhoma. Inali pamwamba, yakuda, matabwa ake ofiirira, mpope wake wokhala ndi timizere tozungulira. Ndinaizindikira ndi kachitsulo kokokera kali pamwamba, pamalo enieni pamene dzanja la agogo linkapita pa mpini paja. Wogulitsa anaitsitsa n'kundipatsa. Manja anga anatsika nayo pansi ndisanakonzeke. Ndinayesa kukoka kachitsulo kaja, kanakana, ndinachita kutsamiritsa mfuti pantchafu n'kukoka ndi mphamvu zonse. Kenaka inalira: khwacha. Phokoso lomwe lija. Ndinaibweza kwa mwini wake n'kutuluka panja, ndipo mnzanga anandipeza nditatsamira galimoto, misozi ili mbwembwembwe.

Pano ndifotokoze, chifukwa ena mwalemba ngati ndikusunga chida chankhondo. Mfuti ya Thompson inatchedwa dzina la mkulu wa asilikali wa ku America, John T. Thompson, ndipo zoyamba zogulitsa zinapangidwa mu 1921. Nkhondo itavuta mu 1940, Britain inagula zambirimbiri, ndipo ndi mmene zinafikira m'manja mwa anthu ngati agogo. Yeniyeniyo ukakhethemula osasiya imalavula zipolopolo zoposa 600 pa mphindi, moti magazini ya zipolopolo 20 imatha pa masekondi awiri okha. Mfuti zotero kuno lamulo la 1934 linaziika pa kaundula wa boma, ndipo la 1986 linatseka kaundulayo kwa anthu wamba. Zimene zinalembedwa kale ndi zokhazo zimene zimagulitsidwa, pa mtengo wa madola masauzande makumimakumi. Yanga si imeneyo. Yanga ndi yofanizira, imatchedwa 1927A-1, ya kampani ya Auto-Ordnance. Ukakhethemula kamodzi imatulutsa chipolopolo chimodzi basi. Mpope wake ndi mainchesi 16.5 pomwe wa yankhondo unali 10.5, chifukwa mfuti yapaphewa ya mpope wosakwana mainchesi 16 imafuna mapepala ena a boma. N'chifukwa chake imaoneka yotalika mphuno, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 6, kuposa ya agogo imene inali cha m'ma 5 yopanda zipolopolo. Chipolopolo chokha ndiye n'chimodzimodzi, cha .45, chachifupi, chonenepa.

Kugula kwenikweni sikunavute. Wokhala ndi green card amaloledwa. Umalemba fomu yotchedwa 4473, wogulitsa amafunsa ku FBI ngati uli ndi mlandu, akavomera umalipira. Ndalama zinaposa madola 1,000, ndipo ndinazisonkha ndi ma ovataimu a nyengo yozizira, osakhudza ndalama ya fizi ya ana a mchemwali wanga. Ndanena dala zimenezi chifukwa ndikudziwa wina akanafunsa.

Kumene kunavuta ndi kunyumba. Mayi akunyumba, monga mukudziwa, ndi namwino, ndipo aona ndi maso awo anyamata obwera nawo usiku atawomberedwa. Nditawauza anaika supuni pansi. "Bambo, mwaiwala kuti ndinu munthu wakuda m'dziko la eni? Wapolisi akakuimitsani n'kuona chinthu chimenecho, adzayamba wafunsa za agogo anu?" Ndinalibe choyankha, chifukwa ankanena zoona. Nkhaniyo inakhala pakati pathu nyengo yonse yozizira. Sindinawakakamize. Usiku wina ndinangowafotokozera za thiranki, zimene m'zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawauze mwatsatanetsatane. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anapereka malamulo awo. Bokosi lachitsulo ligulidwe kaye mfuti isanalowe m'nyumba. Zipolopolo zikhale kwina, kokhomanso. Ana asadziwe nambala yotsegulira. Kukabwera alendo isatuluke, ngakhale wina apemphe bwanji. Popita nayo kokawombera ikhale m'chikwama chake, yopanda chipolopolo, kubuti. Malamulo amenewa sindinaphwanyepo ndi limodzi lomwe, ndipo amene mukuganiza zogula mfuti muli ndi ana m'nyumba, yambani mwamvera akazi anu.

Tsiku loyamba kumalo owomberako ndinavala zotseka m'makutu ndi magalasi, mlangizi ataima pambali panga. Ndinkayembekeza kuti indikankha kwambiri, koma kulemera kwake kumameza mphamvu yonse, imangogwedeza phewa pang'ono. Chimene chinandigonjetsa ndi mikono. Ndisanamalize magazini yachiwiri, dzanja lamanzere linali likunjenjemera, mpope ukuloza pansi wokha. Ndinali nditadya bwino m'mawa umenewo, ndili pamthunzi, nsapato zouma. Agogo ankainyamula ndi malungo m'thupi, katundu kumsana, magazini odzaza m'matumba, mvula ikuwakhuthukira, kutsogolo kuli munthu wofuna kuwapha. Ndinawerengapo kuti asilikali a Britain ankakana magazini ozungulira aja a zipolopolo 50 chifukwa ankalemera ndiponso ankachita phokoso poyenda. Nditaima pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake munthu angadane ndi kulemera kulikonse koonjezera. Mabuku onse a nkhondo ya ku Burma amene ndinabwereka ku laibulale sanandiuze zimene mikono yanga inandiuza tsiku limenelo.

Masiku ano sindiwombera kawirikawiri. Zipolopolo za .45 n'zodula, ndipo si chimene ndinaigulira. Ndimaitulutsa ana akapita kusukulu, kuipukuta, kuipaka mafuta kuti isachite dzimbiri ndi chinyontho cha m'chipinda chapansi, n'kuibweza. Mwana wanga wamkulu atakwanitsa zaka zoti n'kumva zinthu, mayi ake atavomera, ndinamuonetsa ili yopanda magazini, n'kumuuza za chigwa cha Kabaw. Anainyamula pang'ono n'kufunsa kuti agogo anali ndi zaka zingati. Nditamuuza kuti sanasiyane kwambiri ndi iyeyo, anakhala chete.

Tsono mayi munafunsa za ukulu wa mpingo, yankho langa ndi ili. Sindinagule mfutiyi kuti ndidziteteze, ndipo sindidzalozetsa munthu. Sindikunyadira nkhondo. Agogo anaitenga nkhondo imeneyo n'kubwera nayo ku Thondwe, ndipo inawalanda tulo mpaka imfa. Anakamenyera mfumu ya ku England imene sanaionepo, ndipo anabwerera kukhasu lomwe analisiya. Chimene ndinkafuna ndi kugwira ndi manja anga chinthu chimodzi chimene iwo anagwira, popeza zimene anandisiyira anazitenga ena. Abusa athu ndinawauza ndisanagule. Sanasangalale, koma anandimvetsa. Inunso simukukakamizidwa kusangalala nazo. Ku Malawi mfutiyi sidzapita, ndipo amene munalemba kuti ndidzabwere nayo ya kumunda kothamangitsira akuba, chonde nkhani imeneyo ithere pomwepa.

Amalume, mwezi watha munatumiza uthenga kudzera kwa mchemwali wanga wopempha ndalama ya mankhwala a shuga. Ndatumiza, ndipo ndidzatumizanso, chifukwa ndinu mlongo wawo wa mayi anga. Chimene ndikupempha ine n'chimodzi: ndiuzeni amene munamugulitsa thiranki ija ya mamendulo, kaya anali wa ku Zomba kaya wa ku Blantyre. Mwina chithunzi chikadalipo penapake. Nambala yanga ana anu ali nayo.

Gawo 15 ndidzakamba za ulendo wathu woyamba wobwerera kumudzi, ndi zimene zinachitika pa nkhani ya munda wa agogo aakazi.