Qingming ku Taiwan: kumanda m'mawa, kugombe la Kenting madzulo

Kumayambiriro kwa Epulo, kuzizira kukangotha ku Taiwan, anthu amalandira tchuthi cha masiku angapo motsatizana. Pa 4 Epulo ndi tsiku la ana, ndipo pa 4 kapena pa 5 pomwepo pamagwa Qingming, tsiku losesa manda a makolo. Masiku awiriwa akakumana ndi Loweruka ndi Lamlungu, kawirikawiri tchuthi chimakwana masiku anayi. Pamenepo dziko lonse limanyamuka. Ena akupita kumudzi kukalambula manda, ena akuthamangira kugombe la Kenting kumene kuli magule ndi zoimbaimba, ndipo ambiri akuchita zonse ziwiri. Onsewa amadzera misewu imodzimodzi yolowera kummwera. Mlendo amene sakudziwa za manda sangamvetse chifukwa chake matikiti atha, ndipo akhoza kubwerako ataona phwando lokha, chenicheni cha masikuwo chitamudutsa.

Ntchito ya kumanda imayamba m'mamawa, dzuwa lisanawawe, ndipo mabanja ambiri amafuna kuti ikhale itatha isanakwane 3 koloko masana. Manda akale a ku Taiwan ali m'mphepete mwa mapiri, ndipo pakatha chaka udzu umakhala utawameza. Choncho banja limanyamula zikwakwa, magolovesi, tsache ndi madzi otsukira mwala wa dzina. Akalambula, amatenga timapepala, tachikasu kapena tamitundumitundu, n'kutiyala pamwamba pa mtumbira, kalikonse n'kukapsinja ndi kamwala kuti kasauluke. Timapepalati timaimira denga latsopano la nyumba ya womwalirayo, komanso timauza wodutsa aliyense kuti manda awa ali ndi eni ake. Mtumbira wopanda mapepala Qingming itadutsa umamvetsa chisoni, chifukwa umasonyeza kuti mbumba inabalalika kapena inatha.

Nsembe siyambira kwa makolo. Pambali pa manda ambiri pali kamwala kena kakang'ono ka mzimu wosunga nthaka, wotchedwa Houtu kapena Tudi Gong. Iyeyo ndiye amayamba kulandira lubani ndi zipatso, pomuthokoza kuti wasunga malowo chaka chonse. Kenako chakudya chimayalidwa patsogolo pa manda: nkhuku, nyama ya nkhumba, nsomba, tiyi, mowa, ndi mikate ya ufa wa mpunga womata, ina yofiira yooneka ngati kamba, ina yobiriwira chifukwa cha masamba amene anasakanizamo. Akulu ndiwo amayamba kuwerama ndi lubani m'manja, ana pambuyo. Amadikira kuti lubani anyeke ndithu, kupereka mpata woti makolo adye, kenako amawotcha mapepala oimira ndalama zoti akagwiritse ntchito kumizimu. Mabanja ena amasenda mazira owiritsa n'kumwaza makoko ake pamtumbira, kutanthauza kuti zakale zichoke, zatsopano zibadwe.

Choopsa chachikulu pa tsikuli ndi moto. Udzu wolambulidwa uja ndi wouma, mphepo ndi yamphamvu, ndiye pepala limodzi loyaka likauluka, phiri lonse limagwira. Ozimitsa moto amakhala kalikiliki sabata yonseyo. N'chifukwa chake maboma a m'zigawo amalimbikitsa kuti mapepala asonkhanitsidwe m'matumba kuti akawotchedwere malo amodzi, ndipo amene akuwotchera pamanda asachoke asanathire madzi paphulusa. Masiku ano anthu ambiri akamwalira mtembo umawotchedwa, phulusa n'kusungidwa m'nyumba zosanja zomangidwira ntchito imeneyo. Kumeneko kulibe udzu wolambula, koma mizere ya anthu onyamula maluwa ndi zipatso imafika kunja kwa chipata, ndipo mizinda ikuluikulu imaika mabasi aulere opita kumanda kuti magalimoto asatseke njira.

Kwa ife amene tinakulira kumene munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha mfumu, n'zodabwitsa kuona ana akuthamanga pakati pa mitumbira, akulu akuseka n'kumagawana chakudya. Koma kumasuka kumeneku n'kwa eni ake. Mlendo apite pokhapokha banja litamuitana. Avale zosawala kwambiri, asaponde manda a ena pofuna kudula njira, ndipo foni ikhale m'thumba, chifukwa kujambula manda ambiri sakondwera nako. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola kugwira lubani, nenani mwaulemu n'kuima chete pambali. Gwirani tsache m'malo mwake, adzakuyamikani.

Chakudya cha tsikuli ndi runbing. Ndi chikopa chopyapyala cha ufa wa tirigu chimene amakulungiramo kabichi, kaloti, mphukira za nyemba, dzira lokazinga ndi nyama, n'kuwaza nsinjiro zosakaniza ndi shuga. Kummwera shugayo samuumira. Pokulunga nokha, yambani ndi nsinjiro pansi kuti zimwe madzi a ndiwo, apo ayi chikopa chimanyowa n'kung'ambikira m'manja.

Tsono ulendo wa kugombe. Kuchoka ku Taipei, sitima yothamanga kwambiri imafika pa siteshoni ya Zuoying mu mzinda wa Kaohsiung pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri, malingana ndi malo amene ikuima. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala pafupifupi mwezi, ndipo a tsiku loyamba la tchuthi amatha msanga. Mukawaphonya, pali mabogi a mipando yosasungitsa, koma konzekani kuimirira. Pa Zuoying pomwepo mukwera basi ya Kenting Express. Masiku wamba ulendowu ndi wa maola awiri ndi theka. Pa Qingming ungathe kutalika kwambiri, chifukwa kummwera kwa tauni ya Fangliao magalimoto onse amathirana mumsewu umodzi wa m'mphepete mwa nyanja, phiri mbali ino, madzi mbali inayo, popanda pozembera. Nyamukani kusanache kapena usiku. Wobwereka galimoto akumbukire kuti ku Taiwan amayendetsa kudzanja lamanja, osati lamanzere ngati kwathu, ndiponso kuti pa tchuthi misewu ikuluikulu imakhala ndi maola ena amene galimoto yonyamula anthu osakwana atatu siloledwa kulowa.

Kenting ili m'chigawo cha Pingtung, dzina limene a ku Mzuzu ena amalikumbuka. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chinamangidwa ndi thandizo la Taiwan, ndipo madokotala a Pingtung Christian Hospital anagwirapo ntchito kumeneko. Ubale wa maboma awiriwa unatha mu 2008, choncho ku Lilongwe kulibenso ofesi ya kazembe wa Taiwan. Wa pasipoti ya Malawi ayambe msanga nkhani ya visa kudzera ku ofesi ya Taiwan ya ku South Africa.

Pa nkhani ya pogona, langizo langa ndi Hengchun, tauni yakale imene ili makilomita pafupifupi 10 kumpoto kwa Kenting. Dzinali limatanthauza nyengo ya mphukira yosatha. Linga lake linayamba kumangidwa mu 1875 ndipo zipata zake zinayi zikadalipo. Kumeneko mitengo ya zipinda ndi yofatsirapo, ndipo usiku munthu amagona. Mumsewu waukulu wa Kenting, umene madzulo umasanduka msika wa zowotchawotcha, phokoso limafika mbandakucha.

Mwambo wa zoimbaimba pa masiku a Qingming unayamba mu 1995, pamene anthu awiri a ku America okhala ku Taiwan, Jimi Moe ndi Wade Davis, anayambitsa Spring Scream. Magulu ang'onoang'ono oimba anapeza poonekera, ndipo kwa zaka zingapo chikondwererochi chinkachitikira pafupi ndi nsanja younikira zombo ya Eluanbi, kunsonga ya kummwera kwa chilumbachi. Pambuyo pake panabuka maphwando ena ambiri m'magombe ndi m'mabala. Mu 2021, boma la Pingtung linayamba kukonza Taiwan Music Festival pa gombe la Dawan, ndipo kulowa kunali kwaulere. Kwaulereko ndiko kunkadzazitsa malo. Pa maphwando otere fikani dzuwa likadalipo, ndipo mugwirizane ndi anzanu malo okumanirana, poti foni imavuta kugwira anthu akachuluka.

Pa Dawan pomwepo musasambe. Pansi pamatsetsereka mwadzidzidzi ndipo madzi amakoka, n'chifukwa chake kusambira n'koletsedwa. Osambira apite ku Nanwan, Xiaowan kapena Baishawan, ndipo akhale pakati pa mbendera. Nyanja iyi si ya ku Mangochi. Madzi akakukokerani kutali, musalimbane nawo molunjika kumtunda. Sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatuluka mumkokowo. Gombe la Shadao, la mchenga wa zigoba, n'lotetezedwa ndipo silipondedwa, popeza dera lonseli ndi paki ya boma kuyambira 1984.

Apolisi amachuluka kwambiri masiku amenewa. Chamba ku Taiwan ndi mlandu waukulu wotsekeretsa m'ndende, ndipo amafufuza m'mabala ndi m'misewu. Mulingo wa mowa wololedwa kwa woyendetsa ndi wochepa zedi, moti botolo limodzi likhoza kukugwiritsani, ngakhale muli pa njinga yamoto. Njinga zamotozo zimafuna laisensi yovomerezeka. Amene alibe amabwereka zamagetsi zoyenda pang'onopang'ono, koma chipewa chodzitetezera n'chokakamiza, ndipo batire limatha msanga pa zitunda za ku Eluanbi. Pakagwa ngozi, 110 ndi apolisi, 119 ndi ambulansi ndi ozimitsa moto.

Pobwerera, tsiku lomaliza la tchuthi musadikire masana. Nyamukani m'mawa, ndipo mukapeza mpata tsikirani ku Checheng, pa kachisi wamkulu wa Fu'an. Ndi wa Tudi Gong yemwe uja wa pakamwala ka kumanda. Ng'anjo yake yowotcheramo mapepala a ndalama imakoka mpweya mwamphamvu, moti mukaika mpukutu pakhomo pake, mapepalawo amalowa okha limodzilimodzi ngati pali wina akuwawerenga. Basi ya ku Zuoying imadutsa m'tauni yomweyo, koma pa tsikuli imafika itadzaza kale, choncho siyani mpata wa maola awiri oonjezera pakati pa basi ndi sitima yanu.