Sabata ya malisiti ndi ulendo wa ku Namwera

Lolemba ndi Lachiwiri ndinakhalira malisiti. Bungwe lathu ndi laling'ono, timagwira za madzi ndi ukhondo m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, koma chaka chilichonse tiyenera kupereka ku NGORA, nthambi yoyang'anira mabungwe omwe si aboma, lipoti la ntchito ndi la ndalama lomwe launikidwa ndi akatswiri a kunja kwa bungwe. Kale tinkapereka ku NGO Board, lamulo lisanasinthidwe mu 2022. Lisiti limodzi la simenti likasowa, mjigo ungakhale ukutulutsa madzi, wothandiza amati ndalama yadyedwa.

Lachitatu tinali ku DEC, komiti ya akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe ku khonsolo, pa boma ku Mangochi. Sungangolowa m'mudzi ndi pulojekiti khonsolo isanamve, ndipo ukachoka apo pali makomiti a chitukuko a m'dera (ADC) ndi a m'midzi (VDC) komanso mafumu.

Tsiku lomwe landikhala pamtima ndi Lachinayi. Tinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera ku Namwera, kwa T/A Jalasi, komwe achinyamata ena anandipempha ndiwaunikire zolembetsa bungwe lawo. Anabwera ndi malamulo awo olembedwa pamanja m'kope, masamba atapindika ndi thukuta. Ntchito akuigwira kale, amabwezeretsa kusukulu atsikana omwe anasiyira panjira. Koma pa mndandanda wa matrastii, anthu oyang'anira bungwe ndi chuma chake, panali wapampando, mkazi wake ndi amalume ake.

Ndinati, "Achimwene, ndalama ikasowa adzakufunsani ndani, amalumewa?" Anakhala chete, kenako anafunsa ngati satifiketi ikatuluka thandizo limayamba kubwera. Funsoli limandipweteka, chifukwa ambiri amathera ndalama pa maulendo okalembetsa bungwe kwa Registrar General poganiza choncho. Ndinawafotokozera kuti bungwe lotere lilibe mwini. Ndalama ikatsala sigawidwa, imabwerera ku ntchito, ndipo matrastii ayenera kukhala anthu otha kuchotsa ngakhale amene analiyambitsa. Ndinawalangiza ayambe ngati CBO, bungwe la m'mudzi, kudzera ku ofesi ya Social Welfare, atsegule akaunti yosayinira anthu osachepera awiri, aphunzire kusunga mabuku.

Lachisanu sitiitanitsa msonkhano masana, anthu ambiri kuno amakhala ali ku mzikiti. Ndinakhala pa kompyuta kulemba pempho la thandizo latsopano. Pulojekiti yathu ikutha posachedwa, ndipo makontirakiti athu tonse, kuyambira ine mpaka dalaivala ndi mlonda, amathera pomwepo. Othandiza ambiri amalipira mjigo mosavuta, koma pa lendi ya ofesi ndi malipiro a wosunga mabuku mpamene timakanganirana.